Ndikujambula buku la mnyamata wa kiriketi ku Mumbai, koma mapeto andikanika

Pensulo_Pune
Moni nonse apagulu. Ndili ku India chaka chachitatu tsopano, ndikuphunzira zojambula mumzinda wa Pune. Ine ndi mnzanga wa konkuno, mnyamata wolankhula Chimarathi, tikupanga buku la makomiki la masamba 64. Mawu akulemba ndi iyeyo, zithunzi ndikujambula ndine. Nkhani yake ndi ya mwana wa zaka 13 amene bambo ake agulitsa kamunda kumudzi n'kusamukira naye ku Mumbai kuti akaphunzire kiriketi. Apeza kachipinda ku Virar, kunja kwa mzinda, ndiye mwanayo amadzuka 4 koloko mbandakucha n'kukwera sitima makilomita 60 atasenza chikwama cha zida chotalika ngati iye mwini.

Masamba 40 ndamaliza, koma pa mapeto tasemphana. Mnzangayo akufuna tsamba lomaliza mwanayo atavala malaya abuluu a timu ya dziko, bwalo lalikulu la Wankhede ku Mumbai litadzaza. Ine mtima ukukana. Ndakhala ndikupita ku mabwalo a ku Mumbai a Azad Maidan ndi Shivaji Park kukajambula ana akusewera. Pabwalo limodzi pamachitika magemu ambirimbiri nthawi imodzi, moti mwana wodikira mpira wa timu yake amaima pakati pa gemu ya eni ake atafulatira womenya wina. Ana ovala zoyera mazanamazana, makolo ali m'mbali ndi mabotolo a madzi ndi zakudya m'makontena. Koma m'bwalo timu ya dziko imalowa anthu 11 basi, m'dziko la anthu oposa 1.4 biliyoni. Ndikajambula kuti wathuyu wafika, ndikumva ngati ndawanamiza ena onse aja amene nkhope zawo zadzaza m'kope langa.

Vuto lachiwiri ndi la manja. Kiriketi ili ndi kuima kwambiri. Woponya athamanga, aponya, womenya angotchinga, basi aliyense abwerera pamalo pake. Ndikajambula zimenezo mabokosi asanu otsatana, tsamba limagona tulo. Alipo anajambulapo zamasewero andithandize?

Kabaza_Area25
Achimwene, kiriketi amaidziwa ndani kuno? Jambulani za mpira wamiyendo tigule.

Pensulo_Pune
Owerenga ake oyamba ndi a ku India konkuno, lituluka m'Chimarathi ndi m'Chingerezi. Za mpira wamiyendo ndidzayamba ndikadzabwera kumudzi, musadandaule.

Malume_Leicester
A Kabaza, kiriketi si yachilendo chotere ayi, Malawi ili nayo timu yake ya dziko. Kuno ku Leicester ndimakhala pakati pa amwenye ambiri, ena mwa iwo mabanja awo anachoka ku Malawi m'zaka za m'ma 1970, ndipo India ikapambana gemu yaikulu msewu wa Belgrave Road sudutsika ndi mbendera.

A Pensulo, ine ndili mbali ya mnzanuyo. Mukuti kufika n'kunamiza anthu, nanga amene anafikadi tiwaike kuti? MS Dhoni ankayendera matikiti pa siteshoni ya sitima ku Kharagpur, koma ndi yemweyo ananyamula chikho cha dziko lonse cha T20 (kiriketi yaifupi ya maola ochepa) ku Johannesburg mu 2007, kenako chikho chachikulu cha dziko lonse pa 2 Epulo 2011, pa Wankhede pomwepo. Mohammed Siraj bambo ake ankayendetsa kagalimoto ka matayala atatu konyamula anthu ku Hyderabad. Anamwalira mu Novembala 2020 mwana wawo ali ndi timu ku Australia, iye sanakhale nawo pamaliro, ndipo mu Januwale 2021 anagwetsa anthu asanu ku Brisbane, kutanthauza kuti anaponya n'kutulutsa omenya asanu a Australia. Rinku Singh bambo ake ankagawa masilinda a gasi ku Aligarh. Anthu amenewa sanapekedwe. Mwana wosauka akatsegula buku lanu akufuna aone kuti khomo lilipo. Mavutowo amawadziwa kale, amagona nawo m'nyumba imodzi.

Mphunzitsi_Wopuma
Malume, mayina mwatchulawo ndi oona, koma ndi omwewo amene aliyense amatchula. Ndikupatseni lina, mwana wanga Pensulo ulisunge.

Mu Febuluwale 1988, pa Azad Maidan pamene ukupitapo iwe, anyamata awiri a sukulu ya Shardashram anamenya ma run (mapointi a kiriketi) 664 ali limodzi osatulutsidwa, mu mpikisano wa masukulu wa Harris Shield. Wina anali Sachin Tendulkar, pa kumenya kwake konse anapeza 326, mnzake Vinod Kambli 349. Sachin aliyense akumudziwa: analowa timu ya dziko mu 1989 ali ndi zaka 16, anasewera ma Test (magemu a mayiko a masiku asanu) 200, anapuma mu 2013. Kambli anayamba ngati moto wa m'tchire, mu 1993 anamenya 224 kwa England ndi 227 kwa Zimbabwe motsatizana, koma Test yake yomaliza anasewera mu 1995 ali ndi zaka 23 zokha.

Tsono panali mnyamata wachitatu. Dzina lake Amol Muzumdar, ndiye amayenera kulowa mmodzi wa awiriwo akangotuluka. Anakhala pambali atamanga zotetezera miyendo, kudikira, ndipo sanalowe chifukwa palibe anatuluka. Atakula, pa gemu yake yoyamba mu Ranji Trophy, mpikisano waukulu wa matimu a m'zigawo za India, anamenya 260. Moyo wake wonse anapeza ma run oposa 11,000 m'magemu akuluakulu a m'dziko, koma timu ya India sanaisewerepo ngakhale kamodzi. Ine ndikanakhala wojambula ndikanajambula mwana ameneyo, wamanga zida, dzuwa likumuwomba, akuwombera m'manja anzake awiri mtima ukufuna mmodzi atuluke. Mumtima mmenemo ndi mmene muli nkhani, osati pa chikho.

Pensulo_Pune
Aphunzitsi, zikomo kwambiri. Za 664 ndinazimva kangapo, koma za wachitatuyo ayi. Ndakhala chete ndithu nditawerenga.

Malume_Leicester
Ndiye mukufuna buku la ana lithe ndi munthu atakhala pabenchi? Adzagula ndani?

Mphunzitsi_Wopuma
Dikirani Malume, nkhani ya bamboyo sinathere pabenchi. Ndikuona a Nachisale akulemba, mwina aitchula.

Nachisale_Jozi
Ndiitchuladi, chifukwa tsiku limenelo ndinaonera ndi anzanga a kuno onse atanyowa nkhope. Pa 2 Novembala 2025 timu ya amayi ya India inagonjetsa South Africa ku Navi Mumbai n'kutenga chikho cha dziko lonse koyamba, kaputeni ali Harmanpreet Kaur. Kochi wawo anali Amol Muzumdar yemweyo.

Koma ine funso langa ndi lina. N'chifukwa chiyani wa m'buku lanu ali mnyamata? Nkhani ya bambo kugulitsa munda chifukwa cha mwana wamwamuna yanenedwa mpaka kutha mchere. Jhulan Goswami ankachoka ku Chakdaha kusanache, kukwera sitima kupita ku Kolkata kukaphunzira kuponya, ali mtsikana wamng'ono. Anapuma mu 2022 atagwetsa anthu 255 m'magemu a tsiku limodzi, kuposa mkazi wina aliyense. Shafali Verma wa ku Rohtak anachita kumetedwa tsitsi kuti aoneke ngati mnyamata ndiye aloledwe kuphunzira, ndipo pa fainolo ija anamenya 87. Ligi ya amayi ya ndalama inangoyamba mu 2023, pamene ya amuna, yotchedwa IPL, inayamba mu 2008. Kodi mwana wanuyo alibe mlongo? Munda umene wagulitsidwawo sunali wakenso?

Pensulo_Pune
Achemwali, mlongo alipo, ali pa tsamba 6 ndi tsamba 7, akutsazika pa basi. Kuchokera pamenepo sakuonekanso. Funso lanu lomaliza la mundalo ndalikopera momwe lilili ndamutumizira mnzanga.

Inki_Yakuda
Ndiyankhe za manja, popeza inenso ndimajambula, ngakhale zanga ndi za m'mabuku a sukulu.

Vuto lanu ndi lakuti mukujambula zimene kamera ya pa TV imaona. Kamera imaima patali n'kutsata mpira, ndipo pa zimenezo simungaipose. Mphamvu ya komiki ili pa nthawi: sekondi imodzi mutha kuitambasula masamba awiri, tsiku lathunthu n'kulipinda m'kabokosi kamodzi. Woponya wothamanga akataya mpira, umafika kwa womenya sekondi isanakwane. Mtunda pakati pa timitengo ta mbali ziwiri, timene womenya amateteza kuti mpira usatigwetse, ndi mayadi 22 okha. Sekondi imeneyo iduleni zidutswa. Kabokosi koyamba zala ziwiri pa msoko wa mpira. Kachiwiri phazi la woponya likutera pa mzere, fumbi kubuka. Kachitatu diso la mwana pansi pa chipewa. Kachinayi bambo ake kumbali, dzanja lafinya botolo la madzi. Mpira ukamenyedwa musaonetse pa tsamba lomwelo. Ikani kabokosi komaliza pansi kudzanja lamanja, wowerenga atembenuze yekha tsamba kuti adziwe ngati timitengo tagwa.

Kutchinga kumene mukuti n'kogonetsa kuja, musajambule kasanu. Jambulani kamodzi, kenako mabokosi aang'onoang'ono ofanana, womenya ali pomwepo koma mthunzi wake ukusuntha, thukuta likukula pamsana pa malaya. Wowerenga amva yekha kuti maola adutsa.

Anzathu a ku Japan anazizolowera zimenezi ndi baseball, masewero oimaima ngati kiriketi yomwe. Mpaka mu 2012 katuni ina yotchuka ya baseball ya ku Japan anaisandutsa ya kiriketi ya ana a ku India, dzina lake Suraj. Onani mmene amagwiritsira ntchito mizere ya liwiro, koma musawakopere nkhope. Ana a ku Virar akhale ndi nkhope za ku Virar.

Chinanso, phokoso. Mpira wachikopa pa bati (ndodo yomenyera) ya mtengo sulira ngati mpira wa tenesi wokulungidwa tepi umene ana amasewera m'tinjira ta pakati pa nyumba. Mnzanuyo akupezereni mawu awiri osiyana a Chimarathi, mulembe ndi dzanja m'chithunzi momwemo. Tsiku loyamba mwana wanu kumenya mpira wachikopa, manja ake anjenjemere mpaka m'zigongono.

Pensulo_Pune
Akulu, za mthunzi ndiyesa usiku womwe uno. Za mpira wachikopa zilimo kale pa tsamba 19, umamumenya pa nthiti chifukwa wazolowera wa tenesi umene umadumpha mosiyana.

Mchewa_wa_Harare
A Inki anena kuti kamera simungaipose, koma pali malo amene kamera kunalibe. Ife a kuno timaikumbukira gemu ya pa 18 Juni 1983 ku Tunbridge Wells ku England, India ndi Zimbabwe, pa chikho cha dziko lonse. Peter Rawson ndi Kevin Curran anagwetsa anthu asanu a India ma run ali 17 okha. Kaputeni wa India, Kapil Dev, anamenya 175 osatulutsidwa, India inafika 266, ife tinathera pa 235. Gemu imeneyo sinaonetsedwe pa TV ndipo kanema wake palibe, pali zithunzi zochepa ndi zimene anaona amene analipo. Patangotha sabata, pa 25 Juni, India inagonjetsa West Indies pa bwalo la Lord's ku London itangopeza 183, ndipo kuyambira pamenepo kiriketi ku India inasanduka china. Bambo anga ankagwira ntchito yosamalira udzu pa kalabu ina kuno, ndipo ankainena gemu imeneyo ngati analipo, chonsecho anangoimva kwa anthu. Bambo wa m'buku lanu akhoza kukhala wotero: wakula ndi nkhani ya tsiku limene sanalione, n'kuisenzetsa mwana. Tsamba limenelo mulijambule mmene iye amalionera m'mutu, osati mmene zinalili.

Kabaza_Area25
Ma run 17 anthu asanu ndiye kuti chiyani? Ine ndasochera.

Mchewa_wa_Harare
Timu ili ndi anthu 11, amamenya awiriawiri. Akatuluka 10 basi mwatha. Ndiye theka la timu linali litapita asanapeze kanthu, ngati kuchinyidwa zinayi mphindi 10 zoyamba.

Kabaza_Area25
Apo ndamva. Ndiye Kapil ameneyo anali munthu.

Wakuchigwa_88
Pepani ndilowe ndi funso lowawa. Mmalawi akujambula bwanji nkhani ya amwenye? Ifeyo tikaona mlendo wajambula mudzi wathu, amayi onse atasenza ndowa, ana onse opanda nsapato, timakwiya. Inu simukuchita zomwezo kwa eni ake?

Pensulo_Pune
Funso limeneli limandisowetsa tulo, ndipo mwachita bwino kulifunsa. Ndinalakwitsapo ndithu. Pa masamba oyamba ndinajambula banja likudya mkati nsapato zili kuphazi, pamene kuno nsapato zimatsala pakhomo. Agogo akumudzi ndinawaveka sari yomangidwa ngati ya m'mafilimu, amayi a mnzanga n'kundionetsa kuti amayi achikulire a kuno ku chigawo cha Maharashtra ambiri amavala yaitali ya mayadi 9, yopyoza pakati pa miyendo kuti azitha kugwira ntchito kumunda. Sitima ndinaijambula zitseko zotseka, chonsecho zambiri za ku Mumbai zimayenda zitseko zili pululu anthu atalendewera. Masamba 11 ndinajambulanso. Tsopano palibe tsamba limene ndimathira inki asanalione mnzanga ndi amayi ake.

Koma pali zina zimene ndimaona ine iye osaziona chifukwa anazizolowera. Iye ankati Azad Maidan ndijambule kabokosi kamodzi tidutse. Ine ndinaipatsa masamba awiri athunthu, kuionera pamwamba, chifukwa tsiku loyamba kufikapo ndinaima kukamwa yasa.

Wakuchigwa_88
Ngati amayi akewo akuona tsamba lililonse, ndakhutira pang'ono. Dzina la mnzanuyo likhale patsogolo pachikuto.

Pensulo_Pune
Lili patsogolo kale.

Mbiri_Yakale
Popeza muli ku Pune, pali munthu wa kumeneko amene simuyenera kumudutsa. Palwankar Baloo anali wa gulu la anthu amene kale ankatchedwa osakhudzidwa, lero amati Dalit, banja la ofufuta zikopa. Ali mnyamata ankasesa ndi kusalaza bwalo pa kalabu ya azungu mumzinda womwewo, ndipo anaphunzira kuponya poponyera azunguwo pokonzekera magemu. Luso litaoneka, timu ya Ahindu inamutenga, koma nthawi yopuma tiyi wake ankamupatsira panja, m'kapu yakeyake. Mu 1911 anapita ndi timu ya India yonse ku England n'kugwetsa anthu oposa 100. Ukaputeni wa timu ya Ahindu sanapatsidwe monga ankayenera, amene anadzaupeza anali mng'ono wake Vithal mu 1923. Nthawi imeneyo mpikisano waukulu wa ku Bombay (Mumbai ya lero) unali wa matimu a zipembedzo ndi mitundu: azungu, Aparsi, Ahindu, Asilamu, ndipo unatha m'ma 1940.

Ndikunena izi chifukwa nkhani za khama zimakonda kuonetsa ngati chotchinga ndi umphawi wokha. Mwana wa m'buku lanu dzina la bambo ake ndi ndani? Ku India dzina limanena zambiri za kumene munthu wachokera, ndipo wowerenga wa kumeneko adziwa pa tsamba loyamba ngakhale inu musanene.

Pensulo_Pune
Apa ndi pamene mnzanga amakhala chete. Dzina limene anasankha ndi la pakatikati dala, losaloza kwenikweni. Akuti nkhani ya magulu obadwira ikalowa, imeza buku lonse. Ine sindingamukakamize, dziko ndi lake ndipo adzayankha mafunso a anthu ndi iyeyo ine nditapita. Chimene wavomera ndi munthu wosamalira bwalo, mkulu amene amakoka chosalazira m'mawa uliwonse ndipo amaponya bwino kuposa kochi. Sitinena kuti ndi wa gulu liti.

Mbiri_Yakale
Mumupatse dzina ndi mawu olankhula. Asangokhala wokoka chitsulo kumbuyo kwa chithunzi.

MayiWaAnyamata
Ine za kiriketi sindidziwa, koma ndawerenga zonse chifukwa bambo wa m'bukuyo ndikumudziwa, ndine amene. Mwana wanga woyamba anali ndi mwendo wa mpira, aliyense ankanena. Ali Fomu 2 kunabwera anthu a akademe ina, anati akamuphunzitsa n'kumupezera timu kunja. Ndinagulitsa makina anga osokera ndi mbuzi zinayi. Sukulu anasiya. Patatha zaka ziwiri bondo linavulala, anthu aja foni anasiya kuyankha. Anabwerera kunyumba ali ndi zaka 18, alibe satifiketi, ndipo chinandipweteka kwambiri si ndalama ayi. Kwa miyezi sankandiyang'ana kumaso, ankaona ngati ali nane ngongole. Ndinachita kumuuza kuti makina aja ndinagulitsa ndine, iye sanandipemphe.

A Pensulo, kaya mwanayo afika kaya safika, mundijambulire tsiku limene bambo ndi mwana akhale pansi n'kukambirana za munda uja. Mwana wa zaka 13 sangasenze munda pamutu n'kumenyanso mpira bwino. Lero wanga amaphunzitsa ana mpira madzulo akaweruka ku ukalipentala, ndipo akusangalala, koma zinatenga zaka.

Nachisale_Jozi
Amayi, pepani kwambiri. Zikomo potiuza.

Pensulo_Pune
Amayi, ndawerenga kawiri. Tsamba limenelo m'buku mulibe. Bambo uja takhala tikumujambula ngati mphepo yokankha mwana kumbuyo basi, sitinamufunse kuti usiku amaganiza chiyani.

Malume_Leicester
Amayi ndakumvani ndipo sindikutsutsa. Koma tinene zoona, makolo a ku India sakupenga. Ndalama zilipo zimene kale kunalibe. Pa msika wa osewera wa IPL mu Novembala 2024, Rishabh Pant anagulidwa marupi 270 miliyoni. Mu Epulo 2025 mwana wa zaka 14 wa ku Bihar, Vaibhav Suryavanshi, anamenya ma run 100 pa mipira 35 yokha mu IPL momwemo. Kholo likaona zimenezo pa foni, mukuti lisayese? Komanso si timu ya dziko yokha. Ranji Trophy ili ndi matimu 38, IPL matimu 10, ndipo njanji, mabanki ndi makampani akhala akulemba ntchito osewera kuyambira kale. Khomo si limodzi.

Mphunzitsi_Wopuma
Apo ndiye mwanena zimene ndimafuna, Malume. Khomo si limodzi, ndiye bukulo lisathere pa khomo limodzi lomwe lija la malaya abuluu.

Ndodo_ya_Hockey
Ine chimandinyansa n'chakuti mukamati masewero a ku India aliyense amati kiriketi. Dziko limeneli lili ndi mendulo zagolide 8 za hockey ku Olympics, zitatu zoyamba mu 1928, 1932 ndi 1936 nthawi ya katswiri Dhyan Chand, yomaliza mu 1980. Neeraj Chopra anatenga golide woponya mkondo ku Tokyo mu 2021. Kabaddi ili ndi ligi yake kuyambira 2014. Kiriketi yaphimba zonse ngati mtengo wa mango pamwamba pa dimba.

Kabaza_Area25
Kabaddi ndiye ndinaionapo pa TV, yogwirana miyendo ija. Imeneyo ikanatheka kwathu kuno, sifuna zida.

Inki_Yakuda
Kujambulanso ingakome kuposa kiriketi, matupi okhaokha. Koma tisamusokoneze mnzathu, watsala ndi masamba 24.

Mbiri_Yakale
Ndibwerere ku makomiki enieniwo, chifukwa kukangana kwanu ndi mnzanu kuli ndi mizu. Anant Pai anayambitsa makomiki a Amar Chitra Katha mu 1967 ataona pa mpikisano wa mafunso kuti ana a ku India akuyankha za nthano za Agiriki koma akulephera kutchula amayi ake a Rama, mulungu wa Ahindu. Mabuku akewo anali a milungu, mafumu ndi ngwazi, ndipo mu 1980 anayambitsanso magazini ya ana ya Tinkle. Mibadwo yathunthu inaphunzira kuwerenga ndi zimenezo. Ndiye mnzanuyo wakula ndi komiki imene munthu wake amakhala ngwazi yoti uitsanzire. Ngakhale katswiri wa kiriketi Sunil Gavaskar anamuikapo mu komiki m'ma 1980 ngati wofufuza milandu wogonjetsa zigawenga. Wosewera kiriketi akalowa m'komiki ya ku India, chizolowezi n'chakuti asanduke woposa munthu. Koma kuli mwambo winanso: wojambula Pran anayambitsa Chacha Chaudhary mu 1971, nkhalamba yaifupi ya nduwira yofiira yopambana ndi nzeru, munthu wamba wa m'mudzi. Muuzeni mnzanuyo kuti munthu wamba nayenso ndi wa kwawo, simukubweretsa zachilendo.

Mphunzitsi_Wopuma
Ndiwonjezere kamodzi. Samalani ndi nkhani zokoma kwambiri za umphawi. Yashasvi Jaiswal anachoka ku Uttar Pradesh ali mwana, anagonapo mu tenti pa Azad Maidan, ndipo mu 2023 anamenya 171 pa Test yake yoyamba. Nyuzi zonse zinagwira pa kugulitsa kwake tizakudya ta pamsewu totchedwa pani puri, mpaka kochi wake Jwala Singh, amene anamusunga m'nyumba mwake kwa zaka, anadandaula poyera kuti nkhaniyo yakokomezedwa ndipo ikuphimba ntchito imene inagwiridwa. Anthu amakonda tenti ndi chikho, zapakati amalumpha. Zapakatizo ndi mipira mazana tsiku lililonse, chakudya chokwanira, munthu wamkulu wokulipirira zida. Ramakant Achrekar, kochi wa Sachin ku Shivaji Park, ankaika kobiri la rupi imodzi pamwamba pa kamtengo: woponya akamutulutsa Sachin kobiri n'lake, Sachin akapirira mpaka mapeto alitenga ndi iye. Anasonkhanitsa 13. Tizinthu totere ndi timene timakhala m'mutu mwa wowerenga.

Pensulo_Pune
Nonse zikomo. Dzulo tinakhala ndi mnzanga mpaka pakati pa usiku, ndinamumasulira zonse za pano. Wankhede wavomera kuichotsa, koma wakana kuti mwanayo alephere, ndipo ine ndavomera kuti kulephera kokha nakonso kukanakhala kusankha kwanga, osati kwa nkhaniyo. Tagwirizana kuti buku lisapitirire chaka chimodzi cha moyo wake. Lithera pa mayeso osankha timu ya ana osakwana zaka 14 ya Mumbai. Mlongo uja abwera kutauni nthawi ya tchuthi, ndipo ndi amene azimuponyera mpira m'kanjira ka kuseri kwa nyumba, mkono wake uli bwino kuposa mmene aliyense amaganizira. Tsamba limene anapempha a MayiWaAnyamata likhalapo, bambo ndi mwana m'sitima yomaliza yobwerera ku Virar, ngolo ili pafupifupi yopanda anthu. Mkulu wosamalira bwalo tamupatsa dzina.

Chatsala ndi tsamba 64. Mayina a osankhidwa amatidwa pakhoma, ana aunjikana. Mnzanga akufuna dzina lioneke pa mndandanda. Ine ndikufuna tione msana wa mwanayo ndi chala chake chikutsika pa pepala, basi.

Malume_Leicester
Dzina lioneke. Mwana wayenda makilomita 120 tsiku lililonse chaka chathunthu, mupatseni kenakake.

Nachisale_Jozi
Ine ndikuti chala chokha. Koma mlongoyo akhale pa chithunzicho, mpira uli m'manja.

Inki_Yakuda
Jambulani onse awiri ndi pensulo, musathire inki. Apatseni ana atatu kapena anayi a pa Azad Maidan awerenge buku lonse, theka ndi mapeto awa, theka ndi enawo, inu muzingoyang'ana nkhope zawo akafika pa tsamba lomaliza. Komanso musaiwale mvula. Ku Mumbai kuli ligi ya Kanga imene kuyambira 1948 inkadziwika ndi kusewera nyengo ya mvula, udzu wautali, mpira woterera, zoyera zonse matope. Masamba anu 40 onse ndi a dzuwa?

Pensulo_Pune
Onse ndi a dzuwa. Mvula ndiilowetsa pa tsamba 47, pamene bati yake imang'aluka ndipo alibe ndalama ya ina. Loweruka ndikwera sitima ya m'mawa kupita ku Mumbai ndi mapeto onse awiri m'chikwama. Tsamba la mthunzi lija ndamaliza, ndiika pano mawa kuti a Inki alione ndisanathire inki.

MayiWaAnyamata
Mukaika la m'sitima lija mundiuze, ndikufuna ndimuonetse mwana wanga.